FUNSANI AMAKANIKO: Njinga ikamavina kutsogolo, kayang'aneni kumbuyo

Mwezi uno mauthenga abwera ambiri pa WhatsApp ya magazini ndipo chondidabwitsa nchoti pafupifupi onse akuzungulira pa nkhani imodzi, kudula ndi kuwotcherera felemu ya njinga yamoto. Mwina nchifukwa choti chitowe ndi thonje zayamba kutuluka mminda nde aliyense akufuna kaliyala wotalika ngati bedi, kaya. Ndasankhapo ochepa. Inu a kwa Tengani amene munafunsa za batire yomangotha usiku njinga ili chiimire, pepani, tikumana mwezi wamawa.

FUNSO: Amakaniko zikuyenda? Ine ndimapanga shapa ya moto pa siteji ya pa Dyeratu, njinga yanga ndi 125. Mu Epulo ndinakaionjezetsa kaliyala kuti ndizinyamula matumba atatu ulendo umodzi, anaikapo ma Y12 awiri ndi angle iron moti kaliyala wapitirira laiti ya kumbuyo ndi pafupifupi mkono wathunthu. Kunyamula ikunyamula bho koma ndikangofika pa 60 mahandulo amayamba kuvina okha makamaka ndikagunda kabampu, tsiku lina nditangowoloka mlatho wa Kamuzu inandigwedeza mpakana ndinati basi lero ndapita. Anzanga pa siteji akuti khosi la felemu ndi lofewa nde ndiwotcherezepo chitsulo china. Nditero?
Wa shapa, Dyeratu

YANKHO: Achimwene pakhosipo musapakhudze olo pang'ono. Khosi lilibe mlandu, komanso mpamene anadinda nambala ya chasisi, mukangoiphimba ndi weld kapena kuifufuta ndi galainda njinga yanu yasanduka yopanda dzina, ku Road Traffic sangaigwirizanitse ndi mapepala ndipo pa lodibuloko ya pa Thabwa mudzatuluka thukuta kufotokoza kuti ndi yanudi.

Vuto lanu lili kumbuyo. Munayamba mwaonapo ngolo imene anyamata aunjika katundu yense kuseri kwa ekiselo? Goli limanyamuka mmwamba nkumazikoka ng'ombe pakhosi, zimalephera ndi kuponda komwe. Njinga yanu yasanduka ngolo imeneyo. Tengani tepi muyeze kuchokera pa ekiselo ya kutsogolo kufika pa ya kumbuyo, njinga zathu zambirizi mupeza masentimita 125 kapena 130. Tsono matumba awiri a 50 kg akakhala poti pakati pawo pali masentimita 25 kumbuyo kwa ekiselo, masamu ake ndi 100 kuchulukitsa ndi 25 kugawa ndi 125, yankho 20. Makilo 20 amenewo achoka pa tayala la kutsogolo, ndipo la kumbuyo likusenza 120 osati 100 ayi. Matumbawo akasunthira masentimita 50 kumbuyo, mmene ndikumuganizira kaliyala wanuyo, ochoka ndi makilo 40, pomwe tayala la kutsogolo inu mutakwera limangosenza makilo a mma 60 kapena 70 basi. Nde latsala ndi chani chogwirira pansi?

Njinga ikamathamanga si manja anu amene amaiwongola, ndi tayala lomwelo. Foloko anaipendeketsa dala, pafupifupi madigiri 26, kuti pamene tayala lagunda pansi pakhale kumbuyo pang'ono, masentimita 8 mpaka 10, kwa pamene mzere wa khosi ukanathera mutaupitiriza mpaka pa dothi. Mmabuku amati trail. Zili ngati timatayala ta trolley ya kuchipatala, mukaikankha timatembenuka tokha nkutsata komwe ikupita. Koma kuti zimenezi zitheke pamafunika kulemera kolikanikiza tayalalo pansi, likapepuka kabampu kakang'ono kamalikhotetsa, pofuna kubwerera limapitirira mbali inayo, libwerenso lipitirirenso, ndiye gule mukuvinayo. Onjezanipo kuti ma Y12 ndi zitsulo za mu konkire, paokha amawerama ngati nsungwi, nde katundu kumbuyoko akupukusa mchira ngati ng'ona ndipo felemu yonse ikutsatira.

Dulani kaliyala abwerere pa laiti, akapitirira asapose chikhatho chimodzi. Thumba lolemera lizikhala pa mpando wa pasinja logunda msana wanu, lachiwiri pamwamba pa ekiselo, kumapetoko muziikako zopepuka monga thonje kapena madengu opanda kanthu. Ngati mukukakamirabe matumba atatu, zomwe ine sindikukulimbikitsani, bola kupangitsa timakaliyala ta mmbali totsika pansi ngati mmene amachitira onyamula zigubu. Miyendo yochirikiza kaliyala izitsikira pa felemu, osati pa swing arm, mikono iwiri yogwira tayala la kumbuyo imene imakwera nkutsika pa mabampu ija. Ndinalandirapo njinga pa shedi panga imene munthu anawotcherera miyendoyo pa swing arm penipeni, ma shock anangokhala zokongoletsa, mwini wake nkumadabwa kuti msana ukumupwetekeranji.

Musanapite kodulitsako imikani njinga pa sitandi yapakati, mnzanu akanikize kumbuyo kuti tayala la kutsogolo lilendewere, nde tembenuzani mahandulo pang'onopang'ono. Mukamva ngati pakatikati pali kadzenje pomwe akukodwa, kapena mukakoka foloko kutsogolo ndi kumbuyo nkumamveka kho kho, mabering'i a pakhosi atha, sinthani, ndi otchipa kuposa bedi ya ku Queens. Gwedezaninso tayala la kumbuyo chammbali muone ngati mabushi a swing arm akadali moyo, gogodani masipoko ndi sipanala, imene ikulira mosiyana ndi zinzake ndi yolefuka. Ndipo pa tayala pali kanambala kamene anthu sawerenga, monga 47P kapena 52P. 47 ndiye kuti malire ake ndi makilo 175, 52 ndi makilo 200, ndipo mmenemo muli gawo lalikulu la thupi lanu, theka la njinga ndi katundu yense. Werengerani nokha ndi matumba atatu aja.

FUNSO: Bambo amakaniko, ndine mayi wa geni ya nsomba kuno ku Bangula. Ndinagula njinga nkumupatsa mwana wa achemwali anga kuti mmamawa azinditengera milamba ndi makakana ku madoko, masana azipanga kabaza. Felemu inang'aluka pansi pa mpando pomwe pamangidwa shock ya kumanja. Tawotcherera katatu ndipo ulendo uliwonse ikung'aluka pambali penipeni pa pomwe anawotchapo. Owotchererawo akuti njingayi ndi yotha ndigule ina, apongozi anga akuti pali dzanja la munthu. Ine ndalama ya ina ndilibe. Takhuta.
Mayi wa nsomba, Bangula

YANKHO: Mayi, dzanja la munthu lilipodi, koma ndi lija linagwira rodi.

Paipi ya felemu za njinga zing'onozing'onozi ndi yopyapyala, mamilimita 1.5 kapena 2 basi, pomwe owotcherera ambiri mma trading mwathu muno anazolowera ma burglar bar, mageti ndi ngolo, nde makina awo amangokhala pa moto waukulu ndi rodi ya 3.2. Akafika nayo pa felemu chitsulo chimapsa, mmbali mwa weld mumadyeka kamzere ngati ngalande, iwo nkuunjikapo phala lambiri kuti pazioneka polimba. Pomwe aunjikapo sipang'alukanso zoona, pauma ngati mwala, koma felemu imafuna kuwerama pang'ono pa bampu iliyonse nde kuwerama konseko kumakathera mmalire mwa weld momwe chitsulo chinapsa kale. Chigamba cha jinzi pa chitenje chakutha, inu mukudziwa bwino pomwe chimang'ambikira.

Pitani kwa munthu wina, makamaka amene anadutsa ku maphunziro a TEVETA kapena amene munamuonapo akukonza felemu nkukhalitsa, ndipo musachokepo, khalani pompo muziona. Ayambe wagaya phala lakale lonse mpaka chitsulo choyera chioneke. Kumapeto konse kuwiri kwa mng'alu abowole kabowo ka mamilimita 3, kameneko kamauimitsa mng'alu kuti usapitirire kuyenda. Rodi ikhale 6013 ya 2.0 kapena 2.5, moto wochepa, kuwotcha pang'ono nkupuma, pang'ono nkupuma. Kenako avekepo chigamba cha paipi yong'amba pakati, yokhuthala mofanana ndi felemuyo osati kuposa, yopitirira mng'alu ndi masentimita 4 kapena 5 mbali zonse, ndipo nsonga zake azidule mopendeketsa ngati kukamwa kwa mlamba kuti weld isazungulire paipi ngati mphete. Weld ya mphete ndi imene imathyola felemu ngati nzimbe pa mfundo.

Akamaliza asathirepo madzi. Ndikudziwa amathira kuti kasitomala azipita msanga koma chitsulo chozizira mwadzidzidzi chimauma nkukhala chosachedwa kuthyoka, chisiyeni chizizire chokha inu mukumwa thobwa. Paipi ya madzi yoyera ija ya galvanised ayi, utsi wake umadwalitsa wowotchayo ndipo weld yake imatuluka ya timabowo. Thanki ya petulo ichoke ikakhale kutali, batire ndi CDI, kabokosi kotumiza moto ku pulagi kaja, azizule, ndipo waya wa earth aumange pafupi ndi pomwe akuwotchapo, osati pa limu kapena pa tcheni, chifukwa moto ukadutsa mmabering'i amalumidwa timadontho nkuyamba kulira pasanapite nthawi.

Koma musanalipire, dziwani izi. Kwanuko njinga zimakwera bwato pa Mtayamoyo, zimawoloka zithaphwi, zina zinamira ndithu nthawi ya namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023, ndipo madzi akalowa mu paipi satuluka, dzimbiri limadya chamkati penti kunja ali phee. Gogodani ndi kahamala felemu yonse ya kumbuyoyo. Pomwe pakulira ngati chitini chobowoka kapena pakulowa mkati palibe chowotcherera, chidutswa chonsecho chidulidwe alowetsepo paipi yatsopano yokhala ndi ina mkati yolumikizira. Mng'aluwo ukanakhala pakhosi, pa foloko kapena pa ekiselo ndikanakuuzani zomwe anakuuzani owotcherera aja, malo amenewo sitiika zigamba.

Komanso felemu sing'aluka pa shock popanda chifukwa. Kanikizani mpando mwamphamvu nkuusiya, ukadumpha kawiri katatu ngati mpira, kapena mukaona oilo atayenderera pa shock, ndiye kuti inafa kalekale ndipo pa bampu iliyonse chitsulo chikumenya chitsulo chinzake. Sinthani onse awiri limodzi. Ndipo mwana wa achemwali anuyo mumufunse bwinobwino kuti masana inu muli ku msika amanyamula anthu angati, ine ndimawaona akudutsa pa M1 apa atakwezana anayi wachisanu ali pa thanki.

FUNSO: Madala, kuchotsa zamkati mwa ekizozi kumaonjezera mphamvu eti?
Mnyamata wa pa Nchalo

YANKHO: Kumaonjezera phokoso mphwanga. Mphamvu yonyamukira ndi katundu ija imachepa kumene, ndipo injini imayamba kulandira mpweya wambiri petulo wochepa nde imatentha, kwathu kuno komwe Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40 valavu sichedwa kupsa. Ngati ndiwe umadutsa pa shedi panga 5 koloko mmawa uja, kabwezeretse.

FUNSO: Kuno ku Ngabu mvula ikagwa makande amamata pa tayala mpakana limasiya kuzungulira. Ndikuganiza zoika ma shock aatali kuti ikwere kumbuyo, komanso akhale anayi kuti izinyamula mbuzi ziwiri ndi ine osagunda pansi. Maganizo anu?
Wogula mbuzi, Ngabu

YANKHO: Makande ndimawadziwa akulu, amavula munthu nsapato. Koma matopewo amatsekera mmadigadi ndi pakati pa tayala ndi swing arm, ndipo mpata wa pa swing arm susintha olo muike shock yotalika ngati mlongoti. Kwezani madigadi a kutsogolo ndi timapuleti masentimita awiri, muonetsetse kuti foloko ikalowa yonse sakugunda pamwamba, ndipo nyengo ya mvula muziyenda ndi kamtengo kokokotera, palibe manyazi.

Kukweza kumbuyo kuli ndi malipiro ake. Masentimita 2 alionse amaimika foloko ndi pafupifupi digiri imodzi, trail ndafotokoza pamwambapa ija imachepa, njinga imakhota msanga koma pa mchenga ndi pa liwiro imakhala yamanjenje. Tcheni nachonso chimayamba kukhula pa swing arm, ndipo mukachikunga njinga ili yopanda kanthu, mukakwera ndi mbuzi chimakungika ngati waya wa banjo nkumadya bering'i ya ku giya bokosi. Mpata wa tcheni, masentimita 2 mpaka 3, muziuyeza munthu atakhalapo.

Za ma shock anayizo, yambani mwazungulitsa kolala ya pansi pa sipuling'i, ma shock ambiri ali ndi masitepe asanu koma anthu amayenda zaka ali pa sitepe yoyamba osadziwa. Zikakanika gulani awiri a sipuling'i yokhuthala a utali womwewo, muyeze diso ndi diso. Anayi amaumitsa kumbuyo moti mukangotsitsa mbuzi tayala limangodumphadumpha pa timabampu ta msewu wafumbi, buleki osagwira, ndipo nkhonya yonse imene sipuling'i ikanameza imapita ku felemu, mapeto ake nkhani ya mayi a ku Bangula aja.

FUNSO: Achimwene ine ndimatenga mpunga ku Nkhate kukagulitsa ku Blantyre. Pokwera phiri njinga imalira mpaka giya wani ndipo pa makona okhota kwambiri aja kutsogolo kumanyamuka. Pobwerera pa flat ndimafuna izithamangako. Wina akuti ndiike sipuloketi ya mano 16 kutsogolo, wina akuti nditalikitse swing arm. Pano pali 14 kutsogolo 41 kumbuyo. Ndimvere uti?
Wa mpunga, East Bank

YANKHO: Sipuloketi sipanga mphamvu achimwene, imangosinthanitsa ngati anyamata osintha makwacha ndi mametikali pa Marka, mukafuna liwiro mulipira mphamvu, mukafuna mphamvu mulipira liwiro. Gawani mano a kumbuyo ndi a kutsogolo, 41 kugawa ndi 14 ndi 2.93. Mukaika 16 zitsika kufika 2.56, pa flat injini izilira motsika zoona koma phiri lija mudzalikwera mukukankha ndipo kilatchi idzanunkha musanafike pamwamba, kumbukani kuti Chikwawa ili pa mamita pafupifupi 100 kuchokera pa nyanja yamchere pomwe Blantyre wapitirira 1,000. Munthu wa katundu ngati inu njira ndi inayo. Siyani 14 kutsogolo muike 45 kumbuyo, zikhala 3.21, mphamvu yokokera ikwera ndi pafupifupi 10 peresenti, ndipo nthawi zambiri njinga yolemedwa imayenda bwino chonchi ngakhale pa flat chifukwa imatha kuikoka giya yomaliza mmalo momangokhalira yachinayi. Kutsogolo musatsike pa 13, imadya tcheni. Posintha sinthani zonse zitatu, masipuloketi awiri ndi tcheni, ndipo 428 iyendere 428 inzake, osasakaniza ndi 420 ya tinjinga tating'ono tija.

Ndingonenako pang'ono, injini zambiri za 125 ndi 150 za ma pushrod, tindodo tokankha mavalavu, zimene zadzaza mmisewu muno zinatengera pa Honda CG125 yomwe inatuluka mu 1975, ndipo a Honda anaipanga dala kuti izipirira mmaiko momwe anthu amasenzetsa njinga katundu wambiri nkumaiwala kusintha oilo. Ndi bulu ameneyu, mahatchi ake ndi 10 kapena 11 basi, nde amene akukulonjezani liwiro la galimoto ndi mano awiri akukunamizani.

Wa swing arm uja sananame. Kuitalikitsa kumabweza tayala kumbuyo nde katundu amene anali kuseri kwa ekiselo amapezeka ali pamwamba pake, kutsogolo kumasiya kunyamuka ndipo pa msewu wowongoka njinga imakhazikika. Koma masentimita 5 akwana, osapitirira, ndipo ndi ntchito ya munthu wodziwa osati wa mageti. Mikono yonse iwiri italike mofanana ndendende, polumikizapo mkati mukhale chitsulo china. Tcheni chifuna malinki 8 oonjezera chifukwa linki iliyonse ndi mamilimita 12.7 ndipo tcheni chimapita nkubwerera, ndodo ya buleki ndi kachitsulo kogwira mbale ya buleki nazo zitalike bwinobwino osati kulumikiza ndi waya, ndipo ma shock adzamveka ofewerapo nde mukweze kolala sitepe imodzi. Akamaliza yesani ndi twaini, ziwiri, zigunde mmbali mwa tayala la kumbuyo nkupita kutsogolo zili zokungika, mpata wa pakati pa twaini ndi tayala la kutsogolo ufanane kumanja ndi kumanzere. Ukasiyana musalipire, njingayo iziyenda chammbali ngati nkhanu, kukhota uku kofewa uku kokakamiza. Dziwaninso kuti njinga yotalika imafuna malo okulirapo pa makona.

Koma ine chondidetsa nkhawa ndi potsika. Ndimakuonani anyamata mukutsetsereka phiri lonse pa nyutulo, ena injini atazimitsiratu ati kusunga petulo. Mabuleki a dilamu akatentha amasiya kugwira, chopondera chimangopita pansi, ndipo sizichitika pa kona yoyamba ayi, zimadikira mufike pakati pa mtsetse pomwe njinga yatenga kale liwiro. Tsikani ndi giya yomwe munakwerera injini izikugwirirani, buleki ya kutsogolo muziigwiritsa ntchito chifukwa pa tala ndi imene imaimitsa njinga kwambiri, ndipo helemeti ikhale kumutu osati pa chigongono.

FUNSO: Atsibweni, ine ndili Fomu 3 kuno ku Masenjere. Bambo anga ali ndi injini ya pampu yothirira kudimba yolembedwa 6.5 HP, pampu yake inasweka koma injini ikulira bwinobwino. Ndinaona pa YouTube anthu akupanga tinjinga tating'ono ndi injini ngati yomweyo. Ndili ndi felemu ya njinga yakapalasa ndi matayala awiri a wilibala. Akuti ukachotsa governor imathamanga heve. Ndiyambire pati?
Mwana wa sukulu, Masenjere

YANKHO: Uthenga wako wandisangalatsa mphwanga, inenso ndinayamba choncho, kuononga zinthu za bambo anga kkkk. Tinjinga timeneto ku America anayamba kutipanga mmagalaja a kunyumba zaka za mma 1950 ndi injini za makina otchetchera kapinga, nde sukulota zosatheka. Injini yakoyo ndi ya mtundu wa Honda GX200 ya 196cc kapena zotengera pamenepo, ndipo governor imaigwira kuti isapitirire kuzungulira ka 3,600 pa mphindi.

Yamba wayang'ana shafiti. Injini zambiri za pampu shafiti yake imakhala ya mazinga pomwe pamapotedwa chopalasa madzi chija, pomwe kilatchi ya centrifugal, yogwira yokha injini ikakwera moto, imene tinjingati timayendera imafuna shafiti yosalala ya kiyi, ya mamilimita 19 kapena 20. Ikakhala ya mazinga pafunika munthu wa lathe akupangire adapter, apo ayi kusintha crankshaft yonse. Usayerekeze kuwotcherera sipuloketi pa shafiti mwachindunji, njinga yopanda kilatchi ukangokoka chingwe imanyamuka yokha iwe nkutsala ndi chingwe mmanja.

Felemu yakapalasayo iiwale. Paipi yake ndi yopyapyala kwambiri, injini yokha ndi makilo 16 ndipo kunjenjemera kwake kumathyola mmalumikiziro. Matayala a wilibala nawo anapangidwira liwiro la munthu woyenda pansi, pakati pake pamatentha, ndipo buleki uimanga pati? Bola funa njinga yamoto yakufa injini, zilipo zambiri zangokhala mmakonde mwa anthu nkhuku zikuikirapo mazira. Pamenepo upeza khosi, foloko, matayala a mainchesi 17 ndi mabuleki onse awiri zopangidwa ku fakitale, iwe ntchito yako ingokhala puleti yokhazikapo injini, ya mamilimita 5 kapena 6, ya mabowo aatali kuti uzitha kusuntha injini pokunga tcheni. Uiike pansi mmene ungathere komanso pakati, injinizi zimatundumukira mbali imodzi nde ukangotsata mzere wa tcheni wokha kanjinga kazipendama.

Tsopano masamu, ukawaonetsenso aphunzitsi ako a Physics. Tayala la 17 likazungulira kamodzi limayenda pafupifupi mamita 1.8. Kilatchi ya mano 10 ukailumikiza mwachindunji ndi sipuloketi ya 41, pa pepala ndi makilomita 95 pa ola, koma pansi sikanyamuka nkomwe, kilatchi ingofuka utsi mpaka kupsa. Chofunika nchoti injini izungulire pafupifupi ka 10 tayala lizungulire kamodzi, ndipo sipuloketi ya mano 100 suipeza paliponse, nde pamafunika kashafiti kapakati ka mabering'i awiri, jackshaft, kuti utsitse kawiri. Mano 10 a kilatchi apite pa 30, kenako 14 apite pa 45 ya ku tayala, ukachulukitsa 3 ndi 3.2 upeza 9.6, liwiro lake makilomita 40 pa ola. Kwa kanthu kopanga wekha 40 ndi yambiri, udzandiuza. Kilatchi ya mano 10 nthawi zambiri imayendera tcheni cha 420 nde ya 30 ija ikhale ya 420 yomweyo.

Governor usaichotse. Flywheel ya injinizi, chitsulo cholemera chozungulira cha kumbali yokokera chingwe chija, ndi ya cast iron yokhala ndi maginito omangirira, anaipangira 3,600 yomweyo, ukaipitiriza kwambiri imatha kusweka zidutswa nkuuluka, ndipo pa kanjinga kotere imakhala pakati pa miyendo yako. Connecting rod nayo ndi ya aluminiyamu ndipo oilo imangomwaza ndi kasupuni, ilibe pampu ya oilo. Zambiri zilinso ndi sensa ya oilo imene imazimitsa injini ikapendama, nde ukadzaona ikuzima pa kona kapena pa bampu usadzati yalodzedwa. Uike switch yozimitsira pa handulo pomwe chala chikufika, sipuling'i yobweza throttle ukaisiya, ndi chophimba tcheni chonse chifukwa buluku la sukulu likakodwamo silituluka lokha. Ndipo kanjinga kotere kalibe mapepala, malo ake ndi pa bwalo la mpira ndi tinjira ta kudimba, pa msewu waukulu wa East Bank ayi.

Koma usanamasule bawuti olo imodzi kafunse kaye bambo ako, mwina iwo akusunga ndalama yogulira pampu ina yoti adzamange pa injini yomweyo, madzi akaphwa chimanga cha kudimba chidzaifuna, ndipo ine sindikufuna adzandipeze pa shedi pano magazini ili mmanja. Akavomera, jambula shafitiyo unditumizire chithunzi, uike rula pambali pake kuti ndione kukula kwake.